M'mimba Mukapota Mwadzidzidzi: Kachirombo Sikaletsa Opaleshoni

 Sabata ino tikambirane nkhani imene yakhala ikubwerabwera m'misonkhano ya magulu athu kuno kwa Mlonyeni. Funso lake ndi ili: kodi munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV, akadwala m'mimba mwadzidzidzi, angathe kuchitidwa opaleshoni ndi kuchira bwinobwino?

Pali mphekesera ziwiri zimene zikuyenda pa zitsime ndi m'misika. Yoyamba ikuti munthu wa kachirombo akangokhudzidwa ndi mpeni wa dokotala ndiye kuti wapita, chifukwa bala lake silipola. Yachiwiri ndi yatsopano. Ikuti kudabwera opaleshoni ina yosang'amba mimba, yongoboola timabowo, ndipo kuti munthu wa kachirombo ayenera kudikira yokhayo, ngakhale zitatengera kugulitsa mbuzi ndi matumba a mtedza kuti akaipeze ku tauni. Mphekesera ziwirizi zimasiyana mawu, koma zipatso zake n'zimodzi: wodwala amagonekedwa pamphasa masiku atatu kapena anayi, abale akukambirana, pamene m'mimba mukuonongeka.

Kumene mantha adachokera

Sitingawadzudzule amayi amene ali ndi manthawa, pakuti adaona ndi maso awo. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi muno adapezeka m'chaka cha 1985, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri kudalibe mankhwala amene munthu wamba akadatha kuwapeza. Odwala a nthawi imeneyo ankafika ku chipatala ataonda, magazi atachepa, chitetezo cha m'thupi chitatheratu. Oterowo akachitidwa opaleshoni, zironda zawo zinkachedwa kupola, zinkachita mafinya, ndipo ambiri sankabwerako. Ngakhale kunja kwa dziko lino madokotala ambiri ankazengereza kuwachita opaleshoni.

Koma dzuwa lija lidalowa. M'chaka cha 2004 Boma lidayamba kupereka ma ARV mwaulere. Mu 2011 dziko lathu lidakhala loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo ndi kumamwa moyo wake wonse. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Lero mayi amene amamwa mankhwala ake mokhulupirika, tizirombo tachepa m'magazi mwake mpaka osaoneka poyeza, amalima, amabereka, amalera ana, ndipo akachitidwa opaleshoni bala lake limapola pafupifupi monga la wina aliyense.

Achipatala amayang'ana zinthu ziwiri: kuchuluka kwa tizirombo m'magazi, ndiponso chiwerengero cha asirikali a m'thupi, amene amawatcha CD4. Munthu wathanzi amakhala nawo kuyambira 500 kupita m'mwamba. Akatsika kupyola 200, thupi limakhala lofooka ndipo zovuta za pambuyo pa opaleshoni zimachuluka. Komabe ngakhale kwa munthu wotere, thumbo likabooka dokotala sanena kuti tiyambe tadikira chitetezo chikwere. Thumbo lobooka likasiyidwa limapha munthu aliyense, wa kachirombo ndi wopanda kachirombo yemwe.

Matenda amene sagonetsedwa

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsono tiyeni tidziwe matenda a m'mimba amene safuna kuti tiyambe taona m'mene kuchere.

Loyamba ndi kutupa kwa kathumbo kakang'ono kotchedwa apendikisi, kamene kali m'munsi mwa mimba ku dzanja lamanja. Ululu umayambira pa mchombo, kenaka umatsikira kumanjako, munthu nkumachita mseru ndi kukana chakudya. Kakasiyidwa kamaphulika ndi kumwaza mafinya m'mimba monse. Lachiwiri ndi kupotana kwa matumbo, kumene kumagwira kwambiri abambo athu: mimba imafufuma ngati ng'oma, munthu sachita chimbudzi, satulutsa ngakhale mpweya. Lachitatu ndi kubooka kwa chifu chifukwa cha zironda za m'mimba, kapena kubooka kwa thumbo chifukwa cha taifodi. Apa ululu umadza mwamphamvu ngati wabayidwa, ndipo mimba imauma gwa ngati thabwa.

Lachinayi likutikhudza ife amayi. Nthawi zina mimba imakhazikika m'kanjira kamene dzira limadzera, osafika m'chiberekero. Pakapita masabata ochepa kanjirako kamang'ambika ndipo magazi amatayikira m'kati mosaoneka. Mayi amene wadumpha mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo akumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, akuchita chizungulire, m'maso ndi m'manja mwayera, mwina akumvanso kupweteka pa phewa, ameneyo ndi wothamanga naye usiku womwewo. Palinso mafinya amene amasonkhana m'mbali mwa chiberekero chifukwa cha matenda opatsirana amene sadachizidwe bwino.

Kwa anzathu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, makamaka amene sadayezetse kapena adasiya mankhwala, pamaonjezeka matenda ena. Chifuwa chachikulu sichigwira mapapo okha. Chimalowanso m'mimba, ndi kudzaza madzi kapena kumata matumbo. Khansa ya Kaposi, imene timaiona ngati zipsera zakuda pa miyendo ndi m'kamwa, imamera ngakhale m'matumbo. Ndipo chinthu chimene mayi aliyense wosamala wodwala ayenera kuchisunga pamtima ndi ichi: thupi lofooka silifuula. Munthu wotere angathe kukhala ndi mafinya m'mimba koma thupi osatentha kwenikweni, mimba osauma kwenikweni. Choncho kwa iye ululu umene ukuoneka wochepa ndi woyenera kupita nawo ku chipatala msanga kuposa wa munthu wina.

Opaleshoni ya timabowo

Tsono opaleshoni imene yatchukayi ndi yotani? Achipatala amaitcha laparosikopi, ndipo Azungu amaiyerekeza ndi kusuzumira m'nyumba kudzera pa kabowo ka kiyi. Wodwala amagonetsedwa tulo ndi mankhwala monga pa opaleshoni ina iriyonse yaikulu. Dokotala amacheka pang'ono pa mchombo, kabala kosapitirira msinkhu wa chikhadabo cha chala chachikulu, ndi kupopera m'mimba mpweya wa carbon dioxide, womwe uja umachita thovu m'zakumwa za m'botolo. Mpweyawo umatukula khungu la mimba monga m'mene mzati umatukulira denga, kuti m'kati mukhale malo oonera. Kenaka amalowetsa kachitsulo konga bango, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga kwake, ndipo zonse za m'mimba zimaoneka zazikulu pa kanema. Amaboolanso timabowo tina tiwiri kapena titatu, m'mene amalowetsamo timasizasi ndi tizopanira ta zigwiriro zazitali. Ndi timeneti amadula, amamanga, amasoka ndi kutsuka, maso ali pa kanema. Akatha amatulutsa mpweya uja ndi kusoka timabowoto. Ena akadzuka amamva kuwawa pa phewa tsiku limodzi kapena awiri chifukwa cha mpweya wotsalira, ndipo kumatha kokha.

Nzeru imeneyi idakulira m'manja mwa madokotala a matenda a amayi. Mmodzi wa iwo, Kurt Semm wa mu mzinda wa Kiel ku Germany, ndiye adayamba kuchotsa apendikisi mwa njira imeneyi m'chaka cha 1980, ndipo madokotala anzake ambiri adamunyoza kuti akusewera ndi miyoyo ya anthu. Mu 1985, chaka chomwe chija Edzi idadziwika kuno kwathu, dokotala wina wa ku Germany komweko, Erich Mühe, adachotsa ndulu mwa njira yomweyi. Pasadathe zaka khumi, njira imene ankaiseka ija idafalikira m'zipatala za maiko ambiri.

Ubwino wake kwa munthu wa kachirombo ulipo ndithu. Bala likachepa, mpata woti lichite mafinya kapena kuphotchoka umachepanso, ndipo ichi ndi chachikulu kwa munthu amene chitetezo chake n'chofooka. Ululu umachepa, kotero wodwala amapuma bwino, amatsokomola mosaopa, amadzuka ndi kuyenda msanga, ndipo chibayo chimene chimakonda kugwira anthu ogona nthawi yaitali sichimupeza kawirikawiri. Amayamba kudya msanga, ndipo amabwerera msanga pa ndondomeko ya mankhwala ake. Wochotsedwa apendikisi mwa njira imeneyi, ngati kanali kasadaphulike, kawirikawiri amatuluka pakapita tsiku limodzi kapena awiri.

Ubwino wina ndi wa kuona. Mwa munthu wa chitetezo chotsika, si ululu wonse umene umafuna mpeni. Nthawi zina dokotala amasuzumira ndi kamera ija napeza timatuza toyera tonga mapira titamwazika pa matumbo. Amatapako kachidutswa kukayeza, ndipo zikatsimikizika kuti ndi chifuwa chachikulu, wodwalayo amachizidwa ndi mapiritsi kwa miyezi 6 kapena kupitirirapo, osang'ambidwa mimba pachabe. Nawonso ogwira ntchito ku fiyeta amakhudzana ndi magazi ochepa.

Chimene chiripo kuno kwathu

Komatu amayi, tisatengeke ndi kukoma kwa nkhani. Njira imeneyi siyenera wodwala aliyense. Munthu amene matumbo ake afufuma kwambiri alibe malo m'mimba oti kamera ione, ndipo kachitsulo kangathe kuboola thumbo. Munthu amene wataya magazi ambiri, kapena mafinya alowa kale m'magazi mpaka mtima ukugunda mofooka, sangapirire mpweya wopoperedwa uja. Ameneyo amafuna kutsekulidwa mwachangu kuti dokotala agwire ndi manja pamene pakutuluka magazi. Ndipo nthawi zina dokotala amayamba ndi timabowo, koma ataona m'mene muliri amaganiza zong'amba. Kutero si kulakwitsa ayi. Ndi nzeru ya munthu wodziwa ntchito yake. Onani tsono kuti amene amapindula ndi timabowo ndi amene wafika msanga. Wochedwa amadzitsekera yekha khomo limeneli.

Chinanso, zipangizo zake n'zokwera mtengo. Zimafuna magetsi osazimazima, mabotolo a mpweya, amisiri ozikonza, ndi madokotala ndi anamwino ophunzitsidwa mwapadera. M'dziko muno zimapezeka m'zipatala zowerengeka, zikuluzikulu, ndipo ngakhale kumeneko zimagwira ntchito kwambiri pa maopaleshoni okonzekera tsiku. M'zipatala za m'maboma, maopaleshoni adzidzidzi amachitika mwa njira yotsekula mimba, ndipo ambiri amachitidwa ndi ma clinical officer, amene apulumutsa amayi osawerengeka pa uchembere ndi pa mimba zokhala m'kanjira zija. Matenda akakula, wodwala amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera pa boma la Mchinji.

Choncho mayi wa kuno kwa Mlonyeni amene m'mimba mwamupota usiku, njira yake ndi yopita ku chipatala chimene ali nacho pafupi, kaya ndi ku Tembwe, ku Guilleme kapena pa boma, ndipo achipatala ndiwo aone ngati n'kofunika kumutumiza patsogolo. Chipsera chachitali cha pamimba chimabisika ndi chitenje, ndipo mwini wake amakhala ndi moyo nalera ana ake. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Maola amene banja likutha pofunafuna wogula mbuzi kuti akapeze opaleshoni ya timabowo, ndi maola omwewo amene mafinya akufalikira.

Mbewa ya manyazi

Pali chinthu china chimene chimachedwetsa chithandizo ngakhale wodwala atafika kale pa chipatala, ndicho kubisa. Mayi amafika ataperekezedwa ndi apongozi kapena alamu amene sadziwa za m'mene aliri. Dokotala akafunsa ngati pali mankhwala amene amamwa masiku onse, iye amayang'ana pansi nayankha kuti palibe. Botolo la ma ARV adalisiya kunyumba, pansi pa dengu la zovala. Paja adati mbewa ya manyazi idafera ku una.

Dokotala akufunsa pa zifukwa zomveka. Akadziwa kuti muli ndi kachirombo, ndiponso kuti mumamwa mankhwala kapena mudasiya, amadziwa matenda oyenera kuwaganizira ndi zoyenera kuyeza. Amene amagonetsa odwala nayenso ayenera kudziwa, chifukwa ma ARV ena, makamaka amene amapatsidwa kwa anthu amene adasinthidwa mankhwala oyamba atakanika, amachititsa kuti mankhwala ena ogonetsa ndi opha ululu akhalitse m'thupi. Ndiponso achipatala amafuna kuti musadumphe mankhwala masiku ambiri muli m'chipatala. Iwo ndiwo adzanene nthawi yoyambiranso kumwa.

Ngati simufuna kuti okuperekezani amve, muli ndi ufulu wopempha kuti ayambe atuluka, kapena kungopereka kabuku kanu ka kuchipatala m'manja mwa namwino. Lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi la m'chaka cha 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo, ndipo limalamula kuti za m'mene munthu aliri zisungidwe mwachinsinsi. Palibe amene ayenera kukanizidwa opaleshoni chifukwa cha kachirombo. Ku fiyeta amavala magolovesi, amaphika zitsulo ndi kudziteteza mofanana kwa wodwala aliyense. Ndipo inu amene simudayezetse, achipatala akakupemphani kuyeza magazi musakane, pakuti zotsatira zake zimawathandiza kukusamalani bwino. Inunso a kufupi ndi malire, amene nthawi zina mumaolokera ku Mwami kapena ku Chipata, kumbukirani kuti kumeneko alibe mbiri yanu. Mbiri yanu ndi kabuku ndi botolo zimene mwanyamula.

Ntchito yathu amayi

Wodwala m'nyumba amagwera m'manja mwa mayi. Tsono munthu akayamba ululu woopsa wa m'mimba umene sukuleka pakapita maola ochepa, kapena akusanza mosalekeza, kapena mimba yafufuma kapena kuuma, kapena akuchita chimbudzi chakuda kapena cha magazi, kapena akukomoka, chitani izi.

Musamupatse nsima, phala kapena thobwa poti apeze mphamvu za pa ulendo. Munthu wogonetsedwa ali wokhuta angathe kusanza, masanziwo nkulowa m'mapapo. Musamumwetse mankhwala otsekula m'mimba, a m'sitolo kapena a zitsamba, ndipo musamupope kumbuyo, chifukwa thumbo lotupa lingathe kuphulika. Musamuteme mphini pamimba kapena kumuthowa ndi madzi otentha. Musamuunjikire mapiritsi onga Brufen, Indocid ndi Aspirin, pakuti amenewa amakanda chifu ndipo ndiwo amaboola zironda za m'mimba mwa anthu ambiri. Ngati wamwa kale china chake, kanenereni achipatala mosabisa, ndi nthawi imene adadya komaliza.

Tengani kabuku ka kuchipatala, botolo la ma ARV, Bactrim ndi mankhwala ena onse amene amamwa. Pitani ndi munthu wamkulu amene angathe kusaina chirolezo ngati wodwalayo sangathe, ndiponso abale athanzi amene angapereke magazi atafunika. Apa ndipemphe abambo amene amawerenga tsamba lino mobisa, ndiponso eni mbumba: nkhani iyi ikambidwe lero, kukali bata, kuti bambo akakhala ali ku msika wa fodya kapena ku Joni, mayi asagone ndi ululu podikira chirolezo cha munthu amene ali kutali.

Ife a ku Mchinji nzeru yothandizana sitikuiphunzira lero. Kuyambira cha m'ma 2005 magulu a amayi a MaiMwana adaonetsa m'boma lino kuti amayi akakhala pansi, nakambirana mavuto awo ndi kugawana ntchito, miyoyo ya amayi ndi ana imapulumuka. Tiyeni nzeru yomweyo tiigwiritse ntchito pano. Gulu lirilonse, kaya ndi la banki m'khonde, la ku mpingo kapena la ulimi, likhale ndi kathumba kapadera ka ndalama za ulendo wa ku chipatala, kosabwereketsa pa geni. Lidziwe wa njinga yamoto kapena wa galimoto amene angadzutsidwe pakati pa usiku, ndi mwini ngolo wa nthawi ya dzinja pamene misewu yaterera. Ndipo kathumbako kathandize aliyense, popanda kufunsa kuti akudwala chiyani.

Wodwala akatuluka, ntchito yathu siinathe. Wa timabowo amaoneka wochira msanga, koma m'kati mumakhala mukali mwatsopano. Asafulumire kugwira khasu. Wong'ambidwa mimba asasinje, asasenze ndowa kapena mtolo wa nkhuni kwa masabata osachepera 6, kuti ulusi wa m'kati ugwire. Anzake a m'gulu amutungire madzi ndi kumupalirira munda mosinthana. Adye zakudya zomanga thupi zimene tiri nazo kale: nyemba, soya, mazira, usipa, ndiwo zamasamba zotendera. Bala likhale loyera ndi louma, lisapakidwe phulusa kapena mankhwala a zitsamba. Likafiira, likatupa, likatuluka madzi onunkha, kapena thupi likatentha, abwerere ku chipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku limene adalemberedwa. Koposa zonse, apitirize kumwa ma ARV tsiku ndi tsiku, pakuti ndiwo akupatsa thupi mphamvu yopoletsa balalo.

Tikhulupirira kuti m'tsogolo muno zipangizo za timabowo zidzafika m'zipatala za m'maboma, ndipo ana athu amene ali pa sukulu lero ndiwo adzazigwire. Pamene tikuyembekeza tsikulo, chimene chiri m'manja mwathu ndi kumwa mankhwala mokhulupirika, kunyamuka msanga ndi kunena zoona kwa dokotala. Nkhaniyi mukawawerengere anzathu amene sadziwa kuwerenga pa msonkhano wa gulu lanu, ndipo mukatha musankhe msungichuma wa kathumba ka ulendo kaja musadabalalike.